Mzati wa Nason

Nthawi inali itangopitirira teni koloko m'mawa, koma dzuwa la Okutobala linali litawotcha kale miyala ya pakhomo pa phanga moti ngakhale buluzi sankaikhalira. Mphepo kunalibe. Cha ku Lukusuzi utsi wa moto wa m'tchire unali tolo, osapendekera mbali iliyonse.

Olipa anaima pamthunzi wa thanthwe n'kumayang'ana kanta, galimoto ya katundu ya a Darius, ikutsitsa mitengo. Inali mitengo ya bulugama makumi anayi, yowongoka, yosenda makungwa. Amuna a mtundu wa Olipa ankainyamula anayi anayi, atadziphimba nsanza kumaso chifukwa cha kuwala, ndipo asanalowe nayo m'phanga ankayamba aisisita ndi kuinunkhiza ngati nyama imene sanaionepo.

Anthu amenewa amakhala pansi pa phiri la Chamalibwe. Wamtali pakati pawo amalekeza m'chiuno mwa mlimi wa ku Mphamba, koma mapewa ake ndi a anthu awiri. Alimi amawatcha Akafula. Iwo amadzitcha Anyundo, ndipo onse okhala kunja kwa phiri amawatcha Atali. Kuyambira kalekale ankasula makasu ndi nkhwangwa n'kumasinthanitsa ndi chimanga, mchere ndi mtedza. Koma makasu a m'sitolo atadzaza ku boma la Lundazi, otchipa, opepuka ngati chitini, alimi anasiya kukwera phiri. Zipala zinazima chimodzichimodzi. Chimene Atali ankafunabe chinali miyala yabuluu, yomwe kale Anyundo ankaitaya kudzala chifukwa siisungunuka m'ng'anjo ndipo sungasule nayo ngakhale singano.

A Darius, ogula miyalayo, anali munthu wansangala, wodziwa dzina la aliyense.

"Monire amama," anatero akudzipepesa ndi chipewa. "Bwelani muone katundu. Aya ni mapolo a zoona, zaka fifite osagwedezeka."

Olipa anawafunsa ngati iwo angagone pansi pa denga logwiridwa ndi mitengo imeneyo. A Darius anaseka n'kunena kuti munthu wa msinkhu wawo m'phangamo sangakwanemo ngakhale atakwawa, apo ayi bwenzi atasamukiramo kale kuthawa kutenthaku. Onyamula mitengo aja anaseka nawo. Olipa sanaseke. Mitengoyo inabwera kudzalowa m'malo mwa mwamuna wake.

Kwa Anyundo munthu akafa sapuma. Thupi amalitsitsira m'dzenje lakuya limene silitchulidwa dzina, koma ntchito yake imakhala ikungoyamba. Abale ake amakuza bwalo lalikulu la pansi pa phiri, kumene ana amagona ndiponso kumene nkhani zimakambidwa. Amaswa thanthwe mozungulira n'kusiya pakati mzati umodzi wosadula, ndipo mzatiwo umatenga dzina la womwalirayo. Kuyambira tsiku limenelo iye amasenza denga pamodzi ndi akufa anzake. Wamasiye ndiye amausalaza ndi mchenga ndi madzi chaka chathunthu, mpaka dzanja lizitsetsereka. Ana amaphunzira mayina a makolo awo posewera chibisalirano pakati pa mizati. Chiyambireni panalibe mzati umene unadulidwapo.

Nason, mwamuna wa Olipa, anafa ndi chifuwa cha fumbi zaka zinayi zapitazo, osasiya mwana. Posalaza mzati wake, Olipa anapeza kuti mkati mwake munadutsa mzere wa mwala wabuluu, wonenepa ngati ntchafu, kuchokera pansi mpaka kudenga. Sanauze munthu. Anamatapo dothi losakaniza ndi mwaye, ndipo pa kuwala kwa nyali za mafuta a nsatsi palibe anazindikira. Zinaulula ndi tochi za sola zimene a Darius anapereka ngati mphatso. Kuwala kwake koyera kunalowa pamng'alu wa dothi lija, mzati n'kuyaka ngati madzi a padziwe. Nkhani inawapeza a Darius tsiku lomwelo, ndipo iwowo ndiwo anabwera ndi nzeru ya mitengo: dulani mzati, ikani mphanda, denga silidziwa kusiyanitsa. Analonjeza chimanga chokwanira phiri lonse mpaka alimi adzakololenso. Nkhokwe za m'phanga zinali zitayamba kuonetsa pansi, ndipo ana ankadya kamodzi patsiku.

Mitengo itatha kulowa, Olipa anatsikira kubwalo kukafuna a Kenan, mkulu wake wa Nason. A Kenan anali womvera denga. M'mawa uliwonse ankazungulira bwalo ndi kanyundo kachitsulo, kugogoda thanthwe n'kutchera khutu. Likalira ngati belu, anthu ankakhala pansi pake. Likayankha mogontha, ankasamutsa mphasa za ana. Kwa zaka makumi atatu khutu lawo linali lisanawanamizepo. Olipa anawapeza atagwada, akugogoda mitengo ija umodziumodzi.

"Alamu, mitengoyi chiswe chidzadya," anatero Olipa.

"Chiswe ndi mwana wa ndani?"

Sanafunse monyoza. M'thanthwe mulibe chiswe, ndipo a Kenan anali asanapitirirepo pakhomo pa phanga. Olipa anawafotokozera kuti ndi tizilombo toyera, tochepa kuposa njere ya mpunga, timene timalowa mumtengo kuchokera pansi, kudya mkati monse n'kusiya khungu lokha likuoneka ngati palibe chachitika. A Kenan anamvetsera mpaka kumapeto, monga amachitira ndi aliyense. Kenako anati kanthu kochepa kuposa mpunga sikangadye chinthu chimene amuna anayi amanyamula akubuula.

"Ndaigogoda yonse makumi anayi. Yayankha bwino."

"Yayankha lero."

"Nanga chinthu chimayankha bwino lero, mawa n'kusintha chokha popanda wochimenya?"

Umu ndi mmene Anyundo amadziwira dziko. Mwala umene uli wolimba lero udzakhala wolimba zidzukulu zikadzamera imvi, pokhapokha munthu kapena madzi atauswa. Panalibe chifukwa choti a Kenan aganize kuti chinthu china choimirira chingachite mosiyana.

Olipa anati akanena zimenezi pabwalo, anthu onse akumva. A Kenan anayang'ana pansi n'kumukumbutsa, ndi mawu otsika, kuti iye ndi wadzuwa. Nason atadwala, Olipa anatsikira ku Mphamba kukasankha fodya m'zigafa za Atali kuti apeze mankhwala, ndipo anakhalako zaka zitatu. Lamulo limati munthu amene mvula ya zaka zitatu yamugwera pamutu khutu lake lafa, sangayambitse mawu okhudza denga. Tsiku limene ankapita, amene anamuperekeza mpaka pakhomo pa phanga, n'kumuuza kuti pita ukapulumutse m'bale wanga, anali a Kenan omwewa.

"Lamulo sindinapange ndine, alamu. Ndipo Nason akanakhala ndi pakamwa akanati dulani, ana adye."

"Mukumuyankhulira bwino tsopano poti sangakutsutseni."

A Yunike, akazi a Kenan, ankapeta madeya chapafupi, ndipo makutu awo sanali pamadeya. Ananena mokweza, ngati akuuza lichero, kuti amayi a ku Mphamba abwera ndi sukulu yawo, ndipo kuti ena akulira ndi ana anjala pamene wina akulirira mwala. Olipa anawayankha kuti madeyawo awapete bwino, chifukwa mphepo ya pakamwa pawo ikuuluza ndi abwino omwe. Azimayi awiri atatu anaseka chamumtima. Kupitirira apo panalibe chimene Olipa anapindula.

Panali khomo limodzi limene lamulo linaiwala kutseka. Pakati pa bwalo pali mwala wafulati, ndipo chilichonse chimene munthu waikapo tsiku la msonkhano, womvera denga ayenera kuchigogoda onse akuona. Woika atha kukhala aliyense, bola asatsegule pakamwa. Msonkhano wotsiriza unali utatsala masiku atatu.

M'mawa mwake Olipa anatsika phiri. Anayenda mpaka dzuwa litafika pamutu, m'tinjira ta njinga, pakati pa minda yosoza yodikira mvula. Pamjigo wina azimayi anamukumbukira, anamupatsa madzi, n'kumufunsa ngati kwawo akadasulabe makasu aja osatha, poti a m'sitolo akupindika pamsana pa mzere woyamba. Olipa atawafunsa ngati angagule, anati ayamba aona mmene fodya ayendere. Chigafa chimene ankagwiramo ntchito chinali chitagwa kale, mwini wake atasamukira ku Magodi. Olipa anayenda pakati pa mitengo yake n'kusankha chidutswa chimodzi chotalika ngati iye mwini, chosalala, chopanda banga. Anachimanga m'chitenje mosamala ngati mazira n'kuchisenza pamutu, mmene amasenzera akazi a Atali. Kwawo katundu amayenda paphewa, ndipo atalowa nacho m'phanga a Yunike anauza anzawo kuti posachedwa mayiyu ayamba kutalika.

Tsiku la msonkhano, dzuwa litangokwera, phiri lonse linasonkhana pakati pa mizati. Tochi za sola anazikoleka pamwamba, ndipo mzati wa Nason, umene tsopano anali ataupala dothi lonse, unkawala kumbuyo kwa anthu. Akuluakulu anayankhula za nkhokwe. A Kenan ananena kuti mitengo aigogoda ndipo yayankha bwino. Atatsala pang'ono kufunsa ngati pali wotsutsa, Olipa anadutsa pakati pa anthu, anamasula chitenje, anagoneka mtengo wake pamwala wafulati n'kubwerera pamalo pake.

A Kenan anauyang'ana. Unali wofanana ndi makumi anayi aja. Anagogoda kamodzi, mtengo n'kuyankha ngati chikho chopanda kanthu. Anagogodanso chakumapeto, chimodzimodzi. Anaika chala chachikulu n'kukanikiza pang'ono, chala chinalowa chonse. Ataunyamula kuti auone bwino, unathyoka pakati m'manja mwawo, dothi lofiira linakhuthuka, ndipo tizilombo toyera tinabalalika pamwala kuthawa kuwala. Amene anali kutsogolo anafutukira m'mbuyo. A Yunike anakweza mapazi.

Olipa anamva mapewa ake akutsika koyamba chiyambireni nkhaniyi. Anaganiza kuti akachoka pano akatunga madzi, akatsuke mzati pamene zala za anthu zinasiya mafuta.

Kenako a Kenan anayenda mpaka pamene iye anakhala n'kumupatsa kanyundo kaja.

Wogwira nyundo pabwalo amayankhula, kaya ndi wadzuwa kaya ndi ndani. Koma amayankha zimene wafunsidwa, ndipo sabisa kanthu, chifukwa denga limamva ndipo pansi pake pamagona ana. Olipa anali asanaigwire nyundoyi kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Chogwirira chake chinali chofunda.

"Alamu," anatero a Kenan, "Atali amamanga ndi mitengo chikhalirecho chiswe chilipo. Kodi nyumba zawo zonse zimagwa?"

"Sizigwa zonse."

"Zimene sizigwazo amazitani?"

M'bwalo monsemo munalibe wina amene anafikako ku Mphamba. Olipa akanati sakudziwa, nkhani ikanathera pomwepo, mitengo ikanabwerera pakanta, ndipo Nason akanatsala chiimire. Zoti denga limamva, Olipa sankazikhulupiriranso kwenikweni. Anakhalapo zaka zitatu pansi pa madenga a udzu ndi a malata, kumene anthu ankanamizana kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo palibe limene linawagwera. Masiku otsatira anadzifunsa ngati anayankha chifukwa chomvera chisoni ana, ndipo anapeza kuti ayi, panthawiyo ana sanawaganizire n'komwe. Kungoti nyundo inali m'dzanja, ndipo pakamwa pake panakulira m'bwalo limeneli.

Ananena kuti pali mtengo wotchedwa muwanga, wolimba moti nkhwangwa imabuntha, umene chiswe sichiukonda. Ananena kuti alimi amawaula tsinde lake pamoto asanauzike, n'kuupaka oyilo wakuda wotsala kuchigayo. Ananenanso kuti ngakhale atero, pamafunika munthu woti mwezi ndi mwezi aziyendera mtengo uliwonse, kufufuza timisewu ta dothi timene chiswe chimamanga pokwera, kutipala n'kupakanso oyilo. Mawu ake ankatuluka mosadodoma, ngati akuwerenga mayina a makolo.

A Kenan anafunsa kuti ndani pakati pawo angazindikire timisewu timeneto. Mitu yonse inatembenukira kwa Olipa.

Chigamulo sichinachedwe. Bulugama abwerere kwa mwini wake. A Darius abweretse muwanga ndi oyilo. Mzati udulidwe. Ndipo Olipa, wadzuwa, akhale woyang'anira mphanda moyo wake wonse, ndi ufulu woyankhula pabwalo pa nkhani zonse za mitengo. A Kenan anamuthokoza pamaso pa onse. Anati iwo akanapha phiri lonse ndi khutu lawo, ndipo mlamu wawo waona chimene iwo sakanatha kumva. Ananena zochokera pansi pa mtima, ndipo anthu anawomba m'manja. Masana ake a Yunike anabwera pakhomo pa Olipa ndi kachikho ka mchere, n'kunena kuti pakamwa ndi pakamwa basi, asasunge mangawa. Olipa analandira ndi manja awiri.

A Darius anadandaula kuti muwanga ndi wolemera ndipo kanta yawo si njovu, koma pasanathe sabata ziwiri anabwera nawo, pamodzi ndi zigubu zitatu za oyilo. Atamva mmene zinayendera anapukusa mutu mosilira n'kunena kuti amama awa akanakhala kwa Atali bwenzi ali kapitawo.

Olipa ndiye anasankha mphanda zisanu ndi zitatu mwa zimene zinabwera. Ndiye anaonetsa amuna pamene ayenera kuwaula ndi pamene ayenera kulekeza. Anaziimika mozungulira Nason, n'kukhomera zikhomo zachitsulo pamwamba mpaka zitagwira denga. Ankafuna kuti tsiku lodula akakhale kunja, kaya dzuwa limuwotche, koma woyang'anira mphanda sangachoke pamene mphanda zikulandira katundu. Anakhala pamenepo, dzanja lili pamtengo.

A Kenan anamenya nyundo yoyamba okha, ndipo sanalole wina kuwalandira mpaka manja atatupa. Ntchito inatenga masiku awiri. Masana a tsiku lachiwiri, kachigawo komaliza ka pamwamba katathyoka, denga linakhala pamitengo, ndipo muwanga unalira mawu aatali, owawa, amene Anyundo anali asanawamvepo. Amuna anataya zida n'kuthawira kumakomo. Olipa sanasunthe. Ankadziwa kuti mtengo umatero ukamakhazikika. Unaliranso kawiri n'kukhala chete, ndipo iye anawaitana kuti abwerere adzatole zida zawo.

Miyala anailongeza m'matumba a feteleza. Anakwana asanu ndi limodzi. Zotsala, zimene zinalibe buluu, anakazitaya kudzala. Pamene panali mzati panatsala bwalo laling'ono losalala, lozunguliridwa ndi mitengo yakuda yonunkha chigayo. Akuluakulu sanagwirizane zoti malowo azitchedwa chiyani, poti dzina la Nason linali litakwera kanta. Ana sanadikire. Pofika sabata yotsatira ankauzana kuti tikabisale pa Olipa, ndipo amayi awo ankawatsina, chifukwa chinthu chosenza denga sichitenga dzina la munthu wamoyo. Dzinalo linakanirira.

Chimanga chitabwera, a Kenan anamupeza Olipa akutsanulira oyilo m'chitini. Anaima kanthawi, kenako anatambasula dzanja. Munali kamwala kabuluu konga dzira la njiwa. Anati anakabisa asanamange matumba, kuti mlamu wawo akhale ndi kena kake.

"Imeneyi ndi mbali iti ya m'bale wanu?" anafunsa Olipa.

Dzanja la a Kenan linakhala chitambasulire.

"Kapatseni a Darius, alamu. Akawonjezere mchere."

Anamva mapazi awo akupita, kenako kanyundo kakuyamba kugogoda chakutali, kumizati ya kumpoto. Kumbali ya nkhokwe azimayi ankakangana za lichero, ndipo kunkamveka mitondo itatu. Olipa anang'amba nsanza pachitenje chakale, anaikulunga kukamtengo n'kuiviika m'chitini. Anagwada pamphanda yoyamba, anaunika tsinde lake mbali zonse, anapalapo ndi chikhadabo pamene panaoneka ngati dothi. Linali fumbi chabe. Anapaka oyilo kuchokera pansi kukwera m'mwamba mpaka pamene dzanja lake limafika, anakoka chitini n'kusunthira pa yachiwiri.